Phazi Lopezeka kwa Menico

Mlamu wanga Menico anamugwira Lachinayi m'mawa, ali mbuu ndi fumbi la njereza, ndipo dzuwa lisanafike pamutu mlandu unali utatha kale. Woweruza anati Loweruka anyongedwe pa mlatho. Akuti anaba chiboliboli cha Kadinala, n'kuchiswa, n'kuchiotcha mu uvuni wake wa njereza.

Mlongo wanga Perna, mkazi wake, anafika pa chipala changa wopanda mpango kumutu.

"Achimwene, awatenga bambo a ana aja. Chitanipo kanthu, inu mumadziwana ndi anthu."

Ine ndine Cola, wosula zitsulo. Sindidziwana ndi anthu, ndimadziwana ndi zitsulo zawo. Osema miyala a mbali ino ya Roma onse amasulitsa matchizulo awo kwa ine, ndipo ndikayang'ana pamwala ndimadziwa kuti padutsa chitsulo cha yani. Za Menico ndinene zoona, sindinamukondepo kwenikweni. Ndi waphokoso, amaimba moipa, ndipo akaona vinyo amaiwala dzina lake. Koma kuba ayi. Ndinazimitsa moto n'kutuluka.

Chibolibolicho aliyense ankachidziwa. Anachifukula m'munda wa mpesa kumayambiriro kwa chaka: mkazi wa mwala woyera, wopanda mutu, wopanda manja, mwendo umodzi utanyamuka pang'ono ngati akutuluka m'madzi. Mzinda unapenga. Masiku ano kuno chilichonse chotuluka m'dothi ndi chopatulika, bola chikhale chothyoka. Osema ndi ojambula ankabwera ndi zingwe kudzayeza chiuno chake ndi mawondo ake, kenako n'kuthamangira kwawo kukasema angelo motengera muyeso womwewo. Kadinala anachitumiza kwa a Zanobi, nkhalamba ya ku Firenze imene ntchito yake ndi kumata mphuno ndi manja pa miyala ya makedzana, kuti akachipatse manja atsopano. Chinasowera m'nyumba mwawomo, Lachiwiri, pa chikondwerero cha Yohane Woyera. A Zanobi anauza asilikali kuti pobwera ku mapemphero anapeza malo okhaokha.

Menico ndinamupeza atakhala pansi m'ndende, diso limodzi litatupa.

"Alamu! Mwanyamula kabotolo?"

"Ndanyamula mafunso. Phazi lija munalitenga kuti?"

Asilikali anapeza phazi la chibolibolicho m'nyumba mwake, ndipo umboni wonse unali womwewo.

"M'dengu, alamu. M'madengu a zidutswa aja."

Osema onse amasesa zidutswa za miyala yawo n'kuziika m'madengu pakhomo, ndipo Lachitatu lililonse ngolo imazitolera kupita nazo ku uvuni wa Menico, kumene amaziotcha kuti zisanduke njereza. Ndi mmene zakhalira kuyambira kalekale.

"Ndikukhuthula, ndangoona phazi lili apo. Lokongola, alamu, kuposa la mlongo wanu, musakamuuze. Ndaotchapo ziboliboli za mafumu a anthu akale, ndaotchapo milungu yawo yosawerengeka, koma ili mtima unakana. Ndinakaliika pa alumali, pafupi ndi kandulo ya Amayi Maria."

"Nanga zidutswa zinazo?"

"Zinapsa. Ine ndikanadziwa bwanji?"

"Lachiwiri masana munali kuti?"

Anakanda m'mutu. "Pansi pa mkuyu, kuseri kwa mabwinja aja."

"Ndi yani?"

"Ndi kabotolo."

Ndinalakalaka kumutupitsa diso linalo. Iye anaseka, koma kusekako sikunapite patali.

"Alamu, wamng'ono uja sanayambe n'kuyenda komwe. Adzandikumbuka?"

Ndinatuluka msanga kuti asaone nkhope yanga.

Wangolo, dzina lake Sabba, ndinamupeza kumtsinje akumwetsa ng'ombe. Munthu ameneyu mawu ake ambiri amathera pa ng'ombezo, anthufe timalandira zotsala.

"Kwa a Zanobi mumatengako madengu angati?"

"Awiri."

"Nanga dzulo?"

"Asanu ndi anayi."

"Asanu ndi anayi! Simunadabwe?"

"Ng'ombe zinadabwa."

"Anakupatsirani ndani?"

"Palibe. Anali pakhomo ngati masiku onse. Ovindikira bwino ndi masaka."

"Nanga bwanji simunawauze asilikali?"

Analavula malovu m'madzi. "Sanafunse. Bambo anga ankayankha zosafunsidwa. Anafa tsitsi lili bii."

Pobwerera ndinkaganiza. Wakuba sangaswe chinthu chimene waba, n'kuchilongedza m'madengu a mwininyumba, n'kuchivindikira bwinobwino, n'kuchisiya pakhomo. Koma Sabba amatolera m'nyumba zisanu ndi imodzi, ndipo madengu onse amafanana. Mawu ake okha sakanamasula munthu.

Moyang'anizana ndi nyumba ya a Zanobi pali mayi Tita, amene amakazinga nsomba pakhonde. Iwowa safuna kufunsidwa, amangofuna khutu.

"Ha, a Cola! Mwakumbuka njira lero? Khalani apa, samalani mafutawo. Ine ku mapemphero sindinapite, mwendo uwu, taonani mmene watupira, ngati mtsuko. Ndinakhala pompano tsiku lonse, msewu uli zii, agalu okhaokha. Ngolo? Ngolo iti? Sipanadutse ngakhale bulu. Wolowa m'nyumbamo palibe, wotuluka palibe. A Zanobi akuti anapita kukapemphera, kaya anadzera padenga. Koma nyundo ndinaimva. Pa tsiku loyera, a Cola, nyundo! Ndinachita chizindikiro cha mtanda katatu."

"Inkamveka bwanji?"

"Ngati nyundo. Nanga imveke ngati belu?"

"Ndikunena kuti mothamanga, kapena modekha?"

Anaika supuni pansi. "Kho. Kho. Kho. N'kupuma. N'kutsokomola. Kho. Kho. Choncho mpaka dzuwa kupendeka."

Chifuwa chimenecho msewu wonse umachidziwa. Ndi chifuwa cha munthu amene wapuma fumbi la miyala zaka makumi anayi.

"Ndipo Lolemba," anapitiriza mayi Tita, "kunabwera a Ottaviano, ophunzira a kwa Kadinala aja, a mphuno yoloza kumwamba, ndi alendo atatu. Kuseka kwake m'nyumbamo! Potuluka ankapukuta misozi. Zonsezi ndinawauza asilikali, iwo akuti mkazi wonunkha nsomba atseke pakamwa. Koma nsombazo anadya."

Apa ndinali nditadziwa mwini nyundo, koma mutu unandizungulira. A Zanobi ndi munthu amene amanyamula mphuno yothyoka ya mwala ndi manja awiri. Akanaswa bwanji mwala wokongola koposa mu Roma monse? Ndinafuna kuliona phazilo ndi maso anga.

Kapitawo wa asilikali ndimamunolera lupanga, choncho anandilola kulowa n'kuligwira. Linali phazi lamanzere, chala chachiwiri chitakwera pang'ono pa chala chachikulu. A Ottaviano anathera masana athunthu tsiku lina akufotokozera alendo nzeru za anthu akale zobisika m'chala chimenecho. Pothyokapo panali posalala, mwala utang'ambika motsata mtsempha wake. Chidakwa chokhala ndi nyundo yoswera miyala ya mu uvuni sichiswa choncho.

Ndinalitembenuza. Kunsi kwa phazi, kumene palibe amakwecha chifukwa palibe amayang'anako, kunali mizere ya tchizulo ya mano. Mizere isanu, isanu, isanu. Ndipo paliponse mzere wachinayi unkatsamira pa wachitatu.

Anthu amene anafa zaka chikwi zapitazo sakanaigwira tchizulo imeneyo. Ndinaisula ine, zaka makumi atatu ndi zisanu zapitazo, ndisanaidziwe bwino ntchito, dzino lachinayi n'kupindika. Osema onse anaikana, kupatula mmodzi.

A Zanobi ndinawapeza atakhala pa mpando pakati pa nyumba yopanda kanthu. Pa tebulo panali manja awiri a mwala, atsopano, opanda mwiniwake.

"Ndimakudikira, Cola. Ndimadziwa kuti ukaliona phazilo ubwera."

"Munachisema ndinu."

"Ndinachisema ndine. Ndinachiswanso ndine." Anatsokomola nthawi yaitali. "Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu. Zosema zanga palibe ankaziyang'ana kawiri, ankati za masiku ano n'zachabe, amisiri anatha ndi anthu akale. Ndiye ndinati ndiwaonetse. Ndinasema chaka chathunthu, ndinadula ndekha mutu ndi manja, ndinachipaka matope ndi vinyo wosasa, n'kukachikwirira m'munda muja. Ndinkati chikatha chaka ndidzachifukulitse, onse akagwada ndidzaimirire n'kunena kuti ndi changa."

"Nanga chinavuta n'chiyani?"

"Mliri. Unatenga mkazi wanga Dianora, ine n'kuthawira kwathu. Pobwera patatha zaka zisanu, mundawo unali wa munthu wina, pali mpanda, pali agalu, mtengo umene ndinkazindikirira malowo ataudula." Anamwetulira pang'ono. "Chala chija a Ottaviano amachiphunzitsa ngati Buku Loyera, ndi cha Dianora. Anakula akuvala nsapato zothina za mkulu wake."

Anakweza manja awo kuti ndiwaone. Ankanjenjemera ngati a munthu wa malungo.

"Atachilowetsa muno ndinatseka chitseko n'kulira. Miyezi inayi ndasema manja awo ali apowo. Lolemba a Ottaviano abwera ndi alendo awo, akuti, taonani abwenzi, thupi la mulungu, manja a mayi wochapa zovala, umu ndi mmene ife a lero tilili pamaso pa makolo. Onse n'kuseka. Ndipo sananame, Cola, n'chimene chinandiwawa. Mnyamata uja, ine wakaleyo, anali mmisiri. Ine ndine womata mphuno. M'mawa uliwonse ndikalowa muno chinkandifunsa kuti luso lija ndinalisiya kuti."

"Nanga madengu? Munafuna kuti mlandu ugwere Menico?"

"Ayi, Mulungu ndi mboni. Ndi dzanja. Zaka makumi anayi ndikamaliza ntchito ndimasesa, ndimalongedza, ndimaika pakhomo. Sindinaganize n'komwe. Ndinadzidzimuka ngolo itapita kale."

Ndinawamvera chisoni, koma mkwiyo unaposa chisonicho.

"Ndiye mwakhala phee pampandopo, madala, munthu wa ana anayi akumuyeza khosi?"

"Ndine wamantha. Zimenezo sindikana."

"Mawa mupita nane kwa woweruza. Mukanene zonse. Tchizulo ija ilipo?"

Analoza bokosi lakale pansi pa tebulo.

Ndinawalimbitsa mtima. Ndinati munthu sanyongedwa chifukwa choswa mwala wosema yekha, Kadinala adzachita manyazi n'kuikwirira nkhaniyo, onse awiri mudzapita kwanu. Ndinkakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse. Ndinkaganiza kuti chilungamo ukachiika pa tebulo anthu amachiona, pajatu ine moyo wanga wonse ndathera ndi zitsulo.

Lachisanu kapitawo anatilowetsa kwa woweruza. Menico anali pakona, manja atamangidwa kumbuyo. Perna anaima kukhomo. A Ottaviano anakhala kutsogolo m'mkanjo wakuda, m'malo mwa Kadinala.

A Zanobi ananena zonse, osasiya kanthu. Atatha, ine ndinatembenuza phazi lija n'kuika tchizulo m'mizere. Mano onse asanu analowa m'malo mwake, ndi lopindika lomwe. Woweruza anawerama kuti aone, ndipo mtima wanga unayamba kukhala pansi.

A Ottaviano anaimirira. Munthu ameneyu sakweza mawu, amalankhula ngati akukupaka mafuta.

"Bwana woweruza, ndakhala zaka makumi awiri ndikuphunzira miyala ya makolo. Chiboliboli chija anasema Mgiriki, Ambuye athu asanabadwe. Palibe munthu wamoyo angaseme bondo lija. Za chitsulochi, wosula uyu ndi mlamu wake wa womangidwayo, ndipo dzulo anamulola kuligwira phazili. Tsiku limodzi limamukwanira kusula tchizulo yolingana ndi mizere, n'kuikhuluza kuti ioneke yakale. Koma tisakangane. Apatseni mwala madalawa. Atisemere chala chimodzi chokha, tione."

Anabweretsa kamwala. A Zanobi anagwira tchizulo kumanzere, nyundo kumanja. Nsonga inavina pamwalapo osapeza poima. Anamenya kamodzi, inaterereka. Anamenya kachiwiri, tchizulo inagwa pansi n'kugubuduka mpaka kumapazi a woweruza. Wina anaseka kumbuyo, kenako ambiri.

"Zakwana," anatero woweruza. "Nkhani ikanama kumutu, yanama mpaka kumchira. Mkuluyu chisoni chamusokoneza mutu, ndipo achibale a wakuba apezerapo mwayi. Chigamulo chili pomwe chinali. Mawa, pa mlatho."

Perna analira kulira kumene sindinamumvepo chiyambire ubwana wake. Ine ndinaima ngati chitsa, nzeru zonse zitatha.

"Bwana."

Anali a Zanobi. Anali atasiya kutsokomola.

"Bwana, ndanama. Chiboliboli chija ndi cha anthu akale. Ine sindingaseme chotero, sindinasemepo chiyambire. Nonse mwaona manja angawa. Ndinachiswa chifukwa cha nsanje. Miyezi inayi chili m'nyumba mwanga, tsiku lililonse chikundichititsa manyazi, ndipo Lolemba abwana awa atandiseka ndinalephera kupirira. Nkhani ya kukwirira ija ndinapeka kuti ndithawe chingwe. Funsani wangolo, funsani mayi wa nsomba."

Ndinayang'ana a Ottaviano. Ankagwedeza mutu pang'onopang'ono, nkhope ili myaa.

"Izi ndiye zikumveka," anatero. "Nsanje ya wamng'ono pa wamkulu. Ndinaiona m'maso mwawo tsiku lomwe lija."

Anaitanitsa Sabba, anati madengu asanu ndi anayi. Anaitanitsa mayi Tita, ndipo tsiku limenelo fungo la nsomba silinavute munthu. Zomwezo zimene anazikana pamene zinkaperekeza choonadi, anazilandira ndi manja awiri zitaperekeza bodza.

Kenako woweruza anatembenukira kwa ine.

"Iwe wosula. Sindingalembe nkhani ziwiri. Ngati ukunenabe kuti chitsulochi unasula kalekale, ndiye kuti mkuluyu akunamanso tsopano, ndipo kuvomera kwake sindikulandira. Ika dzanja pa Buku. Unachisula liti?"

Ndinayang'ana Menico, ndinayang'ana mlongo wanga. A Zanobi sanandiyang'ane, maso awo anali pa phazi lija. Pa dziko lonse tinalipo awiri okha odziwa amene anasema mkazi uja, ndipo anandifunsa ine kuti ndifufute dzina lake. Ndakalamba ndi mbiri yoti Cola sanama, ngakhale pa msomali umodzi. Ndinaika dzanja pa Buku Loyera.

"Ndinaisula dzulo, bwana. Ndinatengera mizere ya paphazipo."

Anandigamula zikoti khumi, ndipo sindinadandaule, zinandichepera. Msilikali anamasula chingwe m'manja mwa Menico n'kumangira a Zanobi chomwecho. Menico anagwada pansi, Perna n'kumugwira mutu, onse awiri akulira.

Powatulutsa a Zanobi anadutsa nawo pafupi ndi ine. Anachedwetsa phazi.

"Cola," ananong'ona, "koma bondo lija linali labwino, eti?"

"Linali labwino, madala. Mu Roma monse munalibe lina. Ndipo munasema ndinu."

"Tsitsa mawu," anatero. "Mlamu wako ali ndi ana."

Anawanyonga Loweruka m'mawa, ndipo osema onse a mu mzinda anabwera kudzatukwana munthu amene anaswa ntchito ya makolo.